Ubweya wa Bulangete

Galu wa mkazi wanga dzina lake anali Bulangete, ndipo aliyense amene anamuonapo sankafunsa chifukwa chake. Anali galu wamkulu, wakuda pamsana, wofiirira kumimba, wa ubweya wosanjikizana pawiri: pamwamba wautali wolimba, pansi pake wofewa ngati thonje. Agalu oterewa si akuno. Mkazi wangayo, Eneless, anapatsidwa galuyo ali kamwana ndi dokotala wina wachizungu amene ankamuchapira zovala cha ku Nguludi, pamene dokotalayo ankabwerera kwawo. Anabwera naye atamusenza m'dengu, anthu m'njira akuyesa kuti watenga nkhuku.

Ndinene chilungamo, ine galuyo sindinkamukonda. Ankadya kuposa ine, ndipo ubweya wake unkapezeka paliponse, ngakhale m'kapu ya tiyi. Loweruka lililonse masana Eneless ankayala thumba pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba n'kumamupesa mpaka dzuwa kupendeka, pomwe malaya anga akusowa batani. Ndikadandaula ankangoti, "Inu muli ndi manja, a Benedicto. Uyu alibe." Mulungu sanatipatse mwana, ndiye anthu apamudzi, amene pakamwa pawo sipatopa, ankati Eneless akulera galu. Iye ankazimva koma analibe nazo ntchito.

Eneless anamwalira mu Julaye, atadwala masabata atatu okha. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala pamudzi wakwawo monga mkamwini. Njerwa za nyumba yathu ndinaumba ndekha, mango uja ndinadzala ndekha. Koma kuno mwamuna ndi wobwera. Mkazi akamwalira, iwe wopanda mwana woti n'kukugwira mkono, abale ake amadikira miyezi ingapo, kenako amakhazikitsa tsiku, amakumeta tsitsi n'kukusudzula, kutanthauza kuti akumasula ubwerere kwanu. Sindinadabwe nazo. Inenso kwathu ku Mbulumbuzi ndinasudzulapo mlamu wanga, ndipo tsiku limenelo sindinaone cholakwika chilichonse.

Miyezi itatu yodikirayo sindikumbuka kuti ndinkatani. Nandolo anauma m'munda, ena anathetheka okha. Ndinkadzuka, n'kukhala pakhonde, n'kumayang'ana anthu akupita ku mjigo. Masiku oyamba ankabwera kudzandizonda, kenako anangotsala ondipatsa moni ali panjira. Bulangete ankagona pakhomo pa khitchini, kapena ankalowa m'minda n'kubwera atadzaza chisoso thupi lonse. Ndinkamuponyera mkute osamuyang'ana, iyenso ankadya osandiyang'ana. Tinali ngati akamwini awiri amene anayambana kalekale, oti chimene anayambanirana anachiiwala.

Lolemba lina mu Okutobala kunabwera alamu anga a Jeremiah pa njinga yamoto. Iwowo ndiye mwinimbumba kwa Eneless, ndipo ali ndi chigayo ku Namadzi. Ndi munthu woyankhula akuyang'ana wotchi. Anati mwambo wondisudzula uchitika Loweruka likudzali, nyumba alowamo mdzukulu wawo amene wangokwatiwa kumene, ine nditenge zovala zanga, njinga yakapalasa, wailesi ndi makasu awiri. Ndinangovomera. Akunyamuka anakwinya mphuno, n'kutembenukira kukhitchini.

"Alamu, chinthu ichi chikuwola chili moyo. Ngati mukuchifuna muchitenge. Apo ayi, Loweruka lomwelo tichipha, tikachitaye kudzenje. Mwana sangalowe m'nyumba ndi fungo ili."

Apo m'pamene ndinamuyang'ana galuyo koyamba chimwalirire Eneless. Ubweya wonse unali utamangana zigamba zigamba, zina zikulendewera ngati nsanza. Makutu sankaoneka bwino. Mchira unali chibuma chimodzi cha matope ndi chisoso. Ntchentche zinali ng'waa pa iye, ndipo sankavutika n'kuziingitsa. Ndinamva manyazi, kenako ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndimutenga."

A Jeremiah atapita ndinadzifunsa kuti ndamutengeranji. Yankho linali lapafupi, ngakhale sindinkafuna kulimva. Ku Mbulumbuzi kunalibe amene ankamudziwa Eneless kupitirira moni wa pamaliro ndi paukwati. Amene ankadziwa mmene ankakhosomolera m'mawa, ndi mmene mapazi ake ankamvekera akamachokera kudimba, tinalipo awiri basi, ine ndi galu ameneyu. Koma momwe analilimu palibe wa minibasi amene akanamukweza, ndipo mlongo wanga Angella sakanamulola kuponda pabwalo pake. Ndinali ndi masiku anayi oti ndimukonze.

Lachiwiri ndinachita chimene mwamuna aliyense wapamudzi pathu akanachita ndi chinthu chonunkha: ndinatunga ndowa zitatu, n'kugula sopo wochapira, n'kumusambitsa. Ndinamutikita ngati ndikuchapa bulangete lenileni. Madzi anatuluka akuda bii, ine n'kumadzitama mumtima kuti ntchito imene mkazi wanga ankathera tsiku ine ndaitha tiyi asanazizire. Pofika madzulo ubweya utauma, zigamba zija zinali zitakungika n'kuuma gwa, zitamamatira pakhungu ngati chiguduli chosokerera. Galuyo ankalephera kutambasula mwendo wakutsogolo. Akati ayende, ankalira pang'onopang'ono ngati chitseko chopanda mafuta.

Lachitatu m'mawa ndinatenga lezala yatsopano. Ndinati basi, ndingomumeta mpala zithe. Ndinamumangirira ku mango, n'kugwada, n'kugwira chigamba cha paphewa.

"Mukamudula ndi chimenecho, Eneless adzuka kumanda."

Anali Abiti Nasibu, dzina lawo lenileni a Hanifa, mnzake wa Eneless kuyambira ali ku pulayimale. Amakhala kutsidya kwa kamtsinje, ndipo amagulitsa kaunjika pamsika wa Namadzi. Tsikulo ankadutsa panjira ndi mtolo wawo pamutu. Iwowo ndi Msilamu wopemphera, galu sakhudza, ngakhale chingwe chake. Koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi Loweruka lililonse ankabwera kudzacheza ndi Eneless nthawi yopesa ija, atakhala pa kampando kawo patali mapazi asanu, chitenje atachikokera kumiyendo kuti ubweya usawagwere. Ine ndinkati akungotaya nthawi ndi miseche. Sindinkadziwa kuti maso awo ankaphunzira ntchito.

Anatula mtolo, n'kumuyang'ana galuyo ali chapatali, ndipo anandifunsa ngati ndamuthira madzi. Nditavomera anagwira pakamwa. Anandiuza kuti ubweya wopotana ukanyowa umamangika mfundo zosamasuka, n'chifukwa chake Eneless ankayamba wapesa kenako n'kusambitsa. Za lezala anati dokotala uja anachita kumulumbiritsa Eneless kuti asadzamumete, poti ubweya wapansiwo ndi umene umamutchinga ku dzuwa, ndipo ukametedwa umamera mwa apo ndi apo. Ndi dzuwa la Okutobala lino, anatero, ndikanamuwotcha wamoyo. Kenako anandifunsa kumene kuli chipeso.

Sindinkadziwa. Zaka zonsezo m'nyumba imodzi, sindinkadziwa.

"Padenga la khitchini, kumanja kwa chitseko, pamene amatsomeka mthiko," anatero Abiti Nasibu.

Chinalidi pomwepo. Chipeso cha mano achitsulo otalikirana, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa tchubu cha njinga. Mphirayo anali ataperepeseka pamene pankagwira chala chachikulu cha Eneless. Ndinaika chala changa pomwepo, ndipo ndinachedwa kutuluka m'khitchinimo. Abiti Nasibu sanandiitane.

Tsiku limenelo sanapite kumsika. Anatenga kampando kawo kaja, kamene kanali kakadali pamene anakasiya mu Juni, n'kuyamba kundilamula ngati kapitawo wa kuesiteti. Ananditumiza ufa woyera m'mbale. Ufawo umawaza pa mfundo n'kuufikisa ndi zala kuti ubweya uterere, kenako mfundoyo umaing'amba pang'onopang'ono ndi zala zomwezo, chipeso chisanafike. Suyambira pamsana pamene maso akuona, umayambira kumunsi kwa mwendo wakumbuyo. Dzanja lamanzere limakweza ubweya mpaka khungu lioneke ngati kanjira, lamanja limapesa kachigawo kakang'ono kamene katsala m'munsi, kuyambira kunsonga kubwerera kutsinde. Ukamaliza mzere umenewo umakwera pang'ono n'kutsegula wina, monga mmene timapalira mzere ndi mzere. Ukakumana ndi mfundo yolimba umaigwira patsinde kuti ululu uthere m'zala zako, usafike pakhungu.

Kunena n'kosavuta. Ine manja anga ndi a khasu ndi chikombole cha njerwa. Nditangokoka kawiri, Bulangete anatembenuka n'kundionetsa mano onse.

"Muziyankhula naye," anatero Abiti Nasibu.

"Ndiyankhule chiyani ndi galu?"

"Eneless ankamuuza za inu."

Ndinafunsa kuti ankati chiyani. Anaseka koyamba chibwerere, n'kuyamba kundiwerengera: zoti ndimaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo, zoti ndimabisa shuga m'thumba la jekete la kutchalitchi n'kumayesa kuti iye sakudziwa, zoti ndikapsa mtima ndimakakonza njinga yosawonongeka. Ndinati zonsezo ndi mabodza, ngakhale zinali zoona. Ndiye poti ndinalibe china chonena, ndinayamba kumufotokozera galuyo mbali yanga ya nkhani ya shuga. Anagoneka mutu pansi n'kuusa moyo. Pofika madzulo miyendo iwiri yakumbuyo ndi mchira zinali zitamasuka, ndipo ubweya wakufa umene unatuluka unadzaza ndowa. M'nyumba mwanga munali musanamveke mawu anga ochuluka chotero kwa miyezi itatu.

Lachinayi tinapitiriza ndi mimba ndi m'khwapa. Ndinachotsa nkhupakupa zonenepa ngati nyemba, n'kumaziponya m'chitini cha parafini. Ana opita kusukulu ankaima panjira kuonerera mkulu wa imvi akupesa galu, mayi wa mpango akumulozera ndi kamtengo. Mayi wina wopita ku mjigo ananena mokweza kuti misala ya m'nyumba ija yasamukira kwa mwamuna. Ine ndinangopitiriza kupesa.

Lachisanu kunatsala pamsana ndi pakhosi. Kumunsi konse galuyo anali atayamba kuwala, ubweya ukugwedezeka ndi mphepo. Pamwamba pokha ndiye panali pakadali chigamba chimodzi chachikulu, kuyambira kuseri kwa makutu mpaka pakati pa msana. Abiti Nasibu anafika mochedwerapo, ndipo sanakhale pansi msanga. Anamuzungulira galuyo ali patali pawo paja, kenako anati:

"A Benedicto, lekerani pomwepa. A Jeremiah ndimawadziwa, chigayo chawo chili pafupi ndi benchi langa. Anakupatsani galuyu chifukwa amanunkha. Akamuona mawa atawala, akumbukira kuti ndi wa mlongo wawo. Chigambacho chisiyeni, mukachimalize kwanu."

Anali ndi nzeru mayi amene uja, ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinaika chipeso pansi. Koma pomusisita galuyo pakhosi kuti ndimumasule chingwe, ndinamva kuti pansi pa chigambacho pakutentha, ndipo zala zanga zinatuluka zonyowa. Nditakweza m'mphepete mwake, fungo lija limene a Jeremiah anakwinyira mphuno linandimenya kumaso. Panali chilonda chachikulu ngati chikhatho, ndipo mphutsi zinali yakaliyakali m'menemo. Madzi anga a Lachiwiri aja anali atakhala pansi pa chigambacho masiku atatu osauma.

Ndikanatha kudikirabe. Linali tsiku limodzi lokha, ndipo galu amene wapirira miyezi itatu sakanafa ndi tsiku limodzi. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kambirimbiri. Koma mphutsizo zinkamudya ine ndikuona, ndipo amene anaziitana ndinali ine. Komanso, ndisabise, ndine munthu wamakani. Sindinafune kuti abale a Eneless, amene ankamuseka ali moyo, adzaone galu wake ali ngati dzala pa tsiku lomaliza. Ndinati mumtima, munthu wamkulu ngati a Jeremiah sangabweze mawu ake.

Ndinatenga chipeso. Abiti Nasibu anangopita kwawo n'kubwera ndi mankhwala a buluu amene amapopera pa zilonda za mbuzi zawo, n'kuwaika pansi pakati pa iwo ndi ine. Chigambacho chinanditengera tsiku lonse. Pozungulira chilonda pokha ndi pamene anandilola kudula ndi sizasi, chipeso nditachilowetsa pansi kuti chitchinge khungu. Ndinatsuka ndi madzi amchere, n'kuchotsa mphutsi imodziimodzi ndi kamtengo ka machesi. Nthawi yonseyo Bulangete anali atatsamiritsa mutu pa bondo langa, akunjenjemera, koma sanandionetsenso mano. Nditamaliza anaimirira, n'kudzikutumula, n'kutembenuza khosi uku ndi uku ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ubweya wa m'mbali unagwera pa chilondacho n'kuchiphimba.

Ndinaganiza zokamubisa kwinakwake mpaka mwambo utatha. Kwa Abiti Nasibu galu sakanalowa. Ndinayamba kuwerenga m'mutu makomo ena a pamudzipo, khomo ndi khomo, mpaka kukafika kumalire. Zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo panalibe khomo limodzi limene ndikanagogoda kuti andisungire galu osakauza a Jeremiah. Onse anali abale a mkazi wanga. Zimenezi zinandipweteka kuposa tsiku limene anandiuza za kusudzula.

Loweruka anthu anasonkhana m'mawa. Kuchokera kwathu kunabwera Angella ndi msuweni wathu mmodzi. Anandikhazika pampando pansi pa mango, mkulu wina n'kundimeta ndi lezala, ndipo tsitsi langa lonse silinadzaze n'chikhatho chomwe. Akulu anayankhula mawu ake a mwambowo, akuti ndinakhala bwino pamudzi, sindinatukwanepo munthu, tsopano ndine womasuka. Ali mkati moyankhula, Bulangete anatulukira kuseri kwa khitchini kumene ndinamusiya, n'kudutsa pakati pa anthu mosapupuluma, mchira uli m'mwamba, dzuwa likuwala pamsana pake. Anabwera kudzagona pamapazi anga. Amayi analeka kunong'onezana. Ndinayang'ana a Jeremiah, ndipo ndinaona kuti aleka kuyang'ana wotchi.

Pofika pa katundu anatchula zovala, njinga, wailesi ndi makasu awiri. Kenako anakhosomola n'kunena kuti galuyo malemu anapatsidwa kuntchito kwawo, choncho ndi wa mbumba, ndipo kuchigayo akuba athyolako kawiri chaka chino.

"Alamu, munati ndimutenge," ndinatero.

"Ine ndinkanena galu wodwala, alamu. Uyu akudwala pati?"

Ndikanatha kukweza ubweya wa pakhosi n'kuwaonetsa chilonda, koma chinali chitayamba kale kuuma, ndipo anthu akanangoseka. Lolemba lija panalibe mboni. Angella ananditsina pamkono n'kundinong'oneza kuti ndisawachititse manyazi chifukwa cha galu, ndiponso kwawo alibe chomudyetsa. Akulu a mbali zonse anagwedeza mitu kuti nkhani yatha bwino.

Ndinalowa m'khitchini n'kutenga chipeso. Ndinali nditachiika kale m'chikwama changa m'mawa, kenako n'kuchibwezera padenga, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinawapatsa a Jeremiah pamaso pa anthu onse, n'kuwauza kuti asamusambitse asanamupese, asamumete ngakhale kutenthe bwanji, aziyambira kumiyendo yakumbuyo mzere ndi mzere, ndipo pakhosi azipopera mankhwala mpaka Lachitatu. Iwo anati, "Chabwino, chabwino, alamu," n'kuponya chipesocho m'kabokosi ka pa njinga yamoto, mmene amasungamo masipanala.

Galuyo anamumangirira ku mango ndi chingwe chimene ndinkamumangira pomupesa. Tinanyamuka wapansi, katundu tamumanga panjinga. Poyamba sanalire, ankayesa kuti ndikupita ku mjigo. Titakhota pa nyumba yachitatu m'pamene anayamba, ndipo tinkamumvabe mpaka kukamtsinje.

Abiti Nasibu anali ataima kutsidya, pamthunzi wa nsungwi. Sanandiuze kuti ndinakuuzani. Anangoti benchi lawo limayang'anana ndi chigayo, ndipo pa za galuyo manja sangathandize nawo koma pakamwa ali napo, a Jeremiah atopa nawo. Ndinawathokoza. Ndinafuna kunena zambiri, koma Angella anali akuyang'ana dzuwa.

Pa siteji tinadikira minibasi nthawi yaitali. Mutu wometedwa kumene unkawawa ndi dzuwa. Angella anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuona kuti jekete langa la kutchalitchi ndi thalauza zadzaza ubweya, wakuda ndi wofiirira, makamaka pa bondo.

"Achimwene, mukafika kumudzi chonchi? Taimani ndikusaseni."

Anatambasula dzanja. Ndinaligwira lisanafike.

"Usiye," ndinatero.